Mtengo wa TV, intaneti ndi foni: ndinkanenerera pamalo polakwika

Ndili ndi kashopu pa Chitakale, ku Mulanje, momwe ndimachita fotokope, kutayipa, kusindikiza makalata ndi kuthandiza anthu kutumiza mafomu pa intaneti. Aphunzitsi amabwera ndi mayeso a pa temu, ana omaliza Folomu 4 amabwera kudzalembetsa za ku yunivesite, ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi nawonso amabwera ndi makalata awo. Intaneti ikathima, theka la ntchito yanga limaima. Kunyumba kuli dishi chifukwa bambo akunyumba amakonda mpira kwabasi, ndipo mafoni amene ndalama yake ya mayunitsi imachoka m'thumba limodzi ndi anayi: yanga, yawo, ya mwana wathu wamkazi amene ali pa koleji ku Blantyre, ndi ya amayi anga kumudzi kufupi ndi Muloza.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha pa K1,180 inadumphira pa K1,700. Mapepala ndi inki zinakwera sabata yomweyo, pomwe makasitomala anga ambiri anali asanachire ku mavuto a namondwe Freddy wa mu Malichi chaka chomwecho. Kumayambiriro kwa Disembala, kwa nthawi yoyamba chitsegulireni shopu, lendi inandivuta. Usiku wina ndinatenga foni n'kuyamba kuwerenga mauthenga onse a ndalama zimene ndinatumiza mwezi wapitawo. TV inadya K33,000. Rauta ya kushopu, kachipangizo kogawa intaneti, inadya K52,000. Mafoni anayi aja anadya K36,000. Pamodzi K121,000, pomwe lendi ya shopu inali K60,000. Ndinawerengera katatu chifukwa sindinkakhulupirira. Ndalamayo inkatuluka pang'onopang'ono, lero K2,000, mawa K5,000, n'chifukwa chake sindinkaiona kukula kwake.

Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi chimene aliyense wokulira pamsika amachidziwa: kunenerera. Nanazi timanenerera, kaunjika wa pa Limbuli timanenerera, kabaza timanenerera. M'mawa mwake ndinapita kwa ejenti amene ndinkalipirako TV kwa zaka zisanu.

"Achimwene, ine ndine kasitomala wanu wakale. Nditsitsireniko, zinthu zavuta."

Anandiyang'ana mwachisoni. "Amayi, mtengowu sindiika ndine. Ine ndimangodya kakomishoni. Ndikakuchotserani K1,000, ndiye kuti ndachotsa m'thumba langa."

Ndinachoka nditakhumudwa, ndikuganiza kuti ndi kuuma mtima. Koma ankanena zoona. Mtengo wa pakeji kapena bandulo ndi umodzi dziko lonse, wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje amalipira mofanana, ndipo makampaniwa akafuna kusintha mitengo amadzera ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, intaneti ndi mawailesi. Ejenti wa pa trading centre alibe mphamvu iliyonse pamenepo. Kumukakamiza n'kungodana naye pachabe.

Kenako ndinaimbira ku customer care. Ndinaimba ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinalankhula mokweza kwa mtsikana amene sanandilakwire. Ndinkangobwereza kuti mitengo yanu yakwera, tsitsani. Iye ankangobwereza kuti pepani amayi, mitengo ndi imeneyo. Mphindi pafupifupi 40 zinatha, osapindula kanthu. Lero ndimaona kuti ndinkapempha chinthu chimene iye analibe poti angadine. Ndikanafunsa kuti pa akaunti yanga pali mwayi wanji, kapena pakeji yotsika imene ili ndi matchanelo akutiakuti ndi iti, akanandiyankha tsiku lomwelo.

Nditagogoda zitseko ziwirizi osatsegulidwa, mtima wanga unali wokonzeka kumvera aliyense wonena kuti ali ndi njira. Ndiye anabwera.

Pa 8 Januwale 2024, tsiku limene TV yathu inathera, kushopu kunafika mnyamata wooneka bwino, atavala tisheti ya chizindikiro cha kampani ya dishi, kudzasindikiza makalata. Anandimva ndikudandaula ndi mnzanga. Anadikira mnzangayo atachoka, n'kunena motsitsa mawu kuti iye amagwira ntchito mkati, ndipo antchito ali ndi mtengo wawowawo. Miyezi 6 imene ikanandidyera K198,000 atha kundilipirira ndi K99,000. Ndinakayika, iye n'kumwetulira.

"Musandipatse kaye kalikonse, amayi. Mungondipatsa nambala ya dikoda. Ikayaka madzulo ano, ndiye mudzatumize."

Madzulo TV inayakadi, matchanelo onse ali mbee. Mpikisano wa mpira wa maiko a mu Africa (AFCON) wa ku Côte d'Ivoire unali kuyamba pa 13 Januwale, ndipo ndinkafuna kusangalatsa bambo akunyumba. M'mawa ndinathamangira kwa msungichuma wa banki m'khonde yathu, n'kubwereka K100,000 yobweza ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti, osauza munthu kunyumba. Ndinatumiza K99,000 pa nambala imene anandipatsa.

Zizindikiro zinalipo, ine ndi amene sindinafune kuziona. Kaya ndi Mpamba kaya Airtel Money, uthenga umaonetsa dzina la amene walandira ndalama, ndipo apa panatuluka dzina la munthu, osati la kampani. Lisiti la miyezi 6 silinabwere. Tsiku limene akaunti idzathere ndikanatha kulidziwa pongoimba foni imodzi ku kampani ndi nambala ya dikoda, koma sindinaimbe. Tisheti ya kampani ngakhale pa kaunjika imapezeka.

Pa 7 Febuluwale, tsiku la masewero a semifainolo a Nigeria ndi South Africa, bambo akunyumba anabwera ndi anzawo atatu a ku esiteti. Ndinali nditaphika tiyi ndi chinangwa. Atayatsa TV, panangotuluka uthenga woti tilipire. Masiku 30 anali atakwana ndendende. Mnyamata uja analipira mwezi umodzi wokha ndi ndalama yake ngati nyambo, n'kutenga K66,000 yotsalayo. Ndinaimba nambala yake, sikupezeka. Ndinaimbanso maulendo osawerengeka usiku umenewo. Alendo anapita kukaonera kwina, ine ndinatsala ndi mawu oti ndiwauze amuna anga.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Mayi, ndalamayo yapita, tidzaipeza ina. Chikundiwawa n'choti munakatenga ngongole osandiuza."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa K66,000. Ndinakanena kupolisi, analemba zonse ndi nambala yomwe, koma mwezi wathunthu unali utadutsa kale ndalama itatuluka. Mpaka lero mnyamatayo sanapezeke. Mukazindikira kuti mwaberedwa motere, imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo ndipo musafufute uthenga wa ndalamayo, chifukwa nambala imene ili mu uthengawo ndi imene amafufuzira.

Tinagwirizana zinthu ziwiri usiku umenewo. TV ikhala yothima mpaka ngongole ya K120,000 ithe. Ndipo kwa mwezi wathunthu tilemba tambala iliyonse yopita ku mayunitsi ndi mabandulo. Ndinatenga kope la ana asukulu la masamba 40 n'kuligawa patatu. Kope limeneli ndi limene linasintha nkhani yonse, ndipo ndikanayamba nalo mu Disembala, sindikanakumana ndi zonsezi.

Za rauta zinandidabwitsa kwambiri. Ndinkagula mabandulo a sabata chifukwa ndalama yambiri nthawi imodzi inkandiopsa. Bandulo ya sabata inkatha tsiku lachinayi, ndiye ndinkaonjezera ya tsiku, mawa inanso ya tsiku. Nditagawa ndalama ndi ma GB amene ndinagula, ndinapeza kuti ndinkalipira pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi munthu wogula bandulo yaikulu ya mwezi. Ndiponso theka la intanetiyo silinkapita ku ntchito. Makompyuta anga awiri ankadzikokera okha ma update masana. Pasiwedi ndinali nditapatsa makasitomala ambiri mwaulemu, ndipo sindinaisinthepo kwa chaka. Rauta ndinkaisiya yoyaka potseka shopu. Mlonda ndi amene anandiuza kuti anyamata amakhala pakhonde usiku kumaonera mavidiyo. Kungosintha pasiwedi ndi kuthimitsa rauta poweruka kunachotsa gawo looneka ndithu, ndisanalankhule ndi kampani iliyonse.

Za mafoni zinali zing'onozing'ono koma zambiri. Amayi anga ankadandaula nthawi zonse kuti, "Mwanawe, mayunitsi ako aja angotha okha." Ndinkaganiza kuti ndi adzukulu awo akuimbira anzawo. Nditapita kumudzi n'kuwerenga mauthenga a mu foni yawo, ndinapeza kuti panali timautumiki titatu tolipira tsiku ndi tsiku: nyimbo yomva woimba, mauthenga a zaumoyo ndi masewera ena ake. Mwina anadina osadziwa, mwina ndi ana. Ndinaimbira kampani foniyo ili m'manja, ndi chiphaso chawo cha unzika pafupi, n'kupempha kuti zonse zichotsedwe. Zinatenga mphindi 10. Kumeneko kulinso vuto lina la m'malire: Milange ali tsidya lomwelo, ndipo foni ukaisiya kuti izisankha yokha netiweki, nthawi zina imalumphira ya ku Mozambique, ndiye amayi osapezeka. Ndinaisintha kuti izikhala pa netiweki ya kwathu basi.

Mwana wathu ku Blantyre ankabwereka mayunitsi kawirikawiri. Ngongole imeneyi ili ndi kamtengo kake, ndiye ndikamutumizira K2,000, ina inkadulidwa isanagwire ntchito. Komanso bandulo ikatha ali pa intaneti, mayunitsi otsala ankaphwa m'kanthawi kochepa, chifukwa intaneti yopanda bandulo ndi yodula koopsa. Ine ndi bambo akunyumba tinali pa manetiweki osiyana, koma anthu amene timaimbirana kwambiri tsiku lililonse ndi ife awiri. Mafoni athu onse ndi a simu ziwiri, choncho tinangosankha netiweki imodzi yoimbirana banja lonse n'kumagula mphindi za mwezi. Palibe amene tinamupempha chilichonse apa, koma K36,000 inatsika kufika pa K23,000.

TV inakhala yothima milungu 7. Alamu anga anatibwereka dikoda ya matchanelo aulere, nkhani tinkamvera pa wailesi, ndipo mpira wa Loweruka bambo ankakaonera kwa anzawo. Sindinama, masabata oyamba m'nyumba munali zii, ndipo ana awiri aang'ono ankandiyang'ana ngati ndawalanda chakudya. Koma nthawi imeneyi inatiphunzitsa chimene tinkachisowadi. Titakhala pansi kulemba matchanelo amene aliyense ankawasowa, anakwana 6 okha, pomwe tinkalipirira oposa 100. Awiri okha mwa 6 amenewo, a mpira wa ku England, ndi amene ankatikakamiza kukhala pa pakeji yodula.

Sabata yachinayi mauthenga anayamba kubwera kuchokera ku kampani, otiitana kuti tibwerere. Oyamba analibe kanthu. Wa sabata yachisanu ndi chimodzi unati tikalipira pakeji yotsika, atikweza kupita yapamwamba pake kwa mwezi umodzi. Chifukwa cha zimene ndinaona kale, sindinakhulupirire uthengawo. Ndinaimba nambala yolembedwa pa bokosi la dikoda, osati ya mu uthenga, n'kufunsa modekha ngati mwayiwo ulidi pa akaunti yanga, utha liti, ndipo mwezi wotsatira ndidzalipira zingati. Unali woona. Zaka zisanu ndinkalipira tsiku lisanakwane, osalandirapo ngakhale basela. Anandikumbukira nditasiya kulipira. Poti TV yotereyi ndi yolipiriratu, kuisiya yothima sikunandibweretsere ngongole kapena chindapusa chilichonse.

Apanso ndinaphonya pena. Ndinatumiza ndalama ya pakeji yotsika ndisanasinthitse pakeji pa akaunti. Kwa kompyuta yawo ndinaoneka ngati munthu wolipira ndalama yoperewera ya pakeji yakale, ndiye TV sinayake. Masiku awiri anatha ndikuimba foni kuti akonze. Sinthitsani kaye pakeji, mulandire uthenga wotsimikiza, kenako muzilipira. Kuyambira pamenepo timakwera ndi kutsika motsatira nyengo. Ligi ya ku England imatha mu Meyi n'kuyambanso mu Ogasiti, choncho Juni ndi Julayi timakhala pa pakeji yotsikitsitsa. Miyezi ya mvula yamphamvu, imene dishi imadukaduka ndipo magetsi amathimathima, timaganiza kawiri tisanakwere. Tikagawa chaka chonse, TV inafika cha pa K19,000 pamwezi. Pa mtengo wolembedwa sanandichotsere ngakhale tambala imodzi.

Kunenerera kwenikweni, kokhala pansi ndi munthu maso ndi maso, kunachitika pa nkhani ya rauta, ndipo kunafuna maulendo awiri a ku Blantyre.

Ulendo woyamba, mu Epulo, unapita pachabe. Ndinatseka shopu, kukwera minibasi ya msewu wa Midima m'mamawa, kuima pamzere mpaka cha m'ma 11 koloko. Nditafika pa kauntala anandifunsa chiphaso, n'kupeza kuti simu ya mu rauta inalembetsedwa m'dzina la mwana wa achemwali anga, amene anandigulira zaka zapitazo. Chiyambireni kalembera wa masimu mu 2018, mwini nambala ndi amene dzina lake lili pa chiphaso, ndipo wina aliyense sangasinthe kanthu pa akauntiyo. Satifiketi ya bizinesi ndinaisiyanso kunyumba. Thiransipoti ndi chakudya zinandidyera K15,000, kuonjezera ndalama ya tsiku lonse kushopu. Pobwerera ndinalira mu minibasi. Foni imodzi yofunsa kuti ndibwere ndi chiyani ikanandipulumutsa.

Milungu itatu yotsatira ndinaigwiritsa ntchito kukonzekera. Kuno makampani akuluakulu a foni ndi awiri, TNM ndi Airtel, ndiye mphamvu ya kasitomala ili pa kutha kusamukira kwinako. Koma kunena kuti ndichoka usanayese kwinako n'kudzinamiza wekha, makamaka kuno kumene phiri limatchinga netiweki mosayembekezeka. Malo awiri otalikirana mamita ochepa amatha kusiyana ngati usana ndi usiku. Ndinabwereka rauta ya kampani inayo kwa mphunzitsi wina kwa masiku atatu. M'mawa inkathamanga bwino, masana inkagwa mkati mwa shopu, koma ndikaiika pazenera loyang'ana kumsewu inkakoka. Ndinalemba zonse m'kope, ndi nthawi yake. Ndinatenganso pepala la mitengo yawo. Za intaneti ya setilaiti ya Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, ndinafunsanso, koma ndalama yogulira zipangizo zake inali kutali ndi thumba langa, choncho sindinaitchule n'komwe.

Chinanso ndinalankhula ndi anansi anga awiri a mzere womwewo, mnyamata wokonza mafoni ndi bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza. Aliyense ankagula timabandulo take payekha. Tinagwirizana kuti ngati n'zololedwa, titenge pulani imodzi yaikulu tizigawana.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mwana wa achemwali anga uja, ziphaso zonse ziwiri, satifiketi ya bizinesi, kope, ndi pepala la kampani inayo. Sindinaime pa kauntala yogulitsa mabandulo. Ndinapempha kuonana ndi amene amaona za makasitomala a bizinesi. Ndinadikira ola limodzi ndi theka, kenako anandilowetsa kwa mayi wina wa msinkhu wanga.

Sindinayambe ndi kudandaula. Ndinatsegula kope n'kumuonetsa kuti m'miyezi 12 nambala imeneyi yalipira ndalama zoposa K500,000, kuti ndimagwiritsa ntchito ma GB angati pamwezi, nthawi yanji, ndipo ndikufuna kukhalabe koma masamu akukana. Anawerenga tsamba ndi tsamba.

"Mayi, mtengo wa bandulo sindingausinthe," anatero. "Koma inu mukugula zinthu zosayenera bizinesi yanu."

Anandionetsa pulani ya miyezi 12 yobwera ndi rauta yatsopano. Inkaoneka yokoma. Ndinafunsa funso limene ndinalilemba kale pachikuto cha kope: ndikafuna kusiya pakati, chimachitika n'chiyani? Anayankha kuti ndiyenera kulipira miyezi yotsalayo. Ndinafunsanso ngati mtengowo sungasinthe m'miyezi 12 imeneyo. Anati sangalonjeze. Ndiye kuti ine ndikanamangidwa, iwo ali omasuka. Ndinakana mwaulemu, n'kuika pepala la kampani ina lija patebulo, osanena kanthu. Chete ameneyo anali wovuta kwambiri kwa ine, pakamwa pankayabwa kuti ndipepese kapena ndivomere.

"Netiweki yawo mwaiyesa kwanuko?" anafunsa.

"Ndaiyesa masiku atatu. Masana imagwa mkati, koma pazenera imakoka. Nditha kukhala nayo."

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Ndikanama kuti ndi yabwino kwambiri akanadziwa, chifukwa malo amene netiweki ya anzawo imafooka amawadziwa kuposa ine. Anatuluka kukaonana ndi abwana ake. Atabwerako anandipatsa pulani ya bizinesi yolipira mwezi ndi mwezi popanda kumangidwa, ya K66,000, yokhala ndi intaneti yochuluka kwambiri kuposa imene ndinkagula ndi K52,000. Kusintha dzina la mwini nambala ndi kusamutsira ku pulaniyo anati sindilipira, ndipo mwezi woyamba anandionjezera ma GB ena. Pulani imeneyi inalipo nthawi yonseyi, kungoti sinali pa mndandanda umene umatuluka ukaimba nambala yogulira bandulo.

Ndinafunsa zinthu zina ziwiri. Choyamba, kugawana ndi anansi awiri n'kololedwa? Anati kulumikiza zipangizo zingapo pa rauta imodzi palibe vuto, koma kuyamba kugulitsa intaneti kwa anthu wamba ndi nkhani ina imene ili ndi malamulo ake. Chachiwiri, mawu akuti yopanda malire akutanthauza chiyani kwenikweni? Apa ndi pamene anandiuza kuti ukafika pa mlingo wina wake, intaneti siiduka koma liwiro limatsika kwambiri mpaka mwezi uthe. Ndinamupempha alembe mlingowo ndi zonse tinagwirizana, asainire, ndipo ndinatenga dzina ndi nambala yake ya kuofesi.

Pepala limenelo linandithandiza mwezi wotsatira womwewo. Polipira, netiweki inadukiza, ndinabwereza, ndipo K66,000 inadulidwa kawiri. Nthawi ino sindinakalipe. Ndinaimba, kupereka manambala a mauthenga onse awiri, n'kupempha nambala ya dandaulo langa. Ndinalemba tsiku ndi nthawi ya foni iliyonse. Patatha milungu iwiri popanda yankho, ndinalembera mayi uja kalata yachidule yofotokoza kuti ngati sizitheka ndikadandaula ku MACRA, popeza ndayamba ndadzera kwa iwo monga mwa dongosolo. Ndalama inabwerera pa tsiku la 19. Masiku amenewo ndinachita kubwereka mapepala kwa mnzanga kuti shopu isaime. Uthenga wotsimikiza ukachedwa, dikirani ndipo muone kaye ndalama yotsala musanabwereze kulipira.

Pa K66,000 ija, ine ndinkapereka K30,000, anansi anga K18,000 aliyense. Pofika Juni 2024, masamu anga anali otere: TV K19,000, rauta K30,000, mafoni K23,000, pamodzi K72,000 m'malo mwa K121,000. Koma kuti ndifike pamenepo ndinataya K66,000 kwa mnyamata uja, K20,000 ya chiwongoladzanja, K30,000 ya maulendo awiri, ndi masiku awiri otseka shopu. Zimene ndinkapulumutsa miyezi itatu yoyamba zinangokwirira dzenje limenelo.

Kugawana rauta nakonso sikunali kosalala. Wokonza mafoni amakoka mafayilo akuluakulu, ndipo mwezi wachiwiri tinafika pa mlingo uja sabata yachitatu, nthawi imene ana ambiri ankatumiza mafomu. Tsamba limodzi linkatenga mphindi zingapo kuti litseguke, makasitomala ali pamzere mpaka panja, chiperoni chikuwomba. Tinakhala pansi atatu, iye anavomera kuonjezera K5,000 ndi kumakoka zazikuluzo ndi bandulo yake ya usiku. Bambo wa feteleza amalipira bwino nyengo ya dzinja, koma miyezi ya chilimwe amachedwa, ndipo poti akaunti ili m'dzina langa, ndine ndimayamba ndalipira. Tsopano ndimatolera ndalama masiku atatu tsiku lisanakwane, ndipo wosapereka sindimupatsa pasiwedi yatsopano. Tinachita kulemba zimenezi papepala kuti chibale chisaonongeke.

Mitengo yakweranso kuchokera nthawi imeneyo, choncho manambala anga musawatenge ngati a lero. Mwezi watha wokonza mafoni uja anasamukira ku Luchenza, ndipo gawo lake ndikulipira ndine pamene ndikufunafuna wina wolowa m'malo mwake. Ndaimbira kale mayi wa ku ofesi uja kufunsa ngati pali pulani yocheperako ya anthu awiri. Wandiuza kuti ndipite Lachiwiri, ndipo ndamufunsiratu mapepala oyenera kutenga. Kope loyamba lija linadzaza, ndili pa lachitatu, ndipo ndi limene ndikanyamule.